Dothi Limene Anandituma ku Lisboa

Bambo anga sindinawaonepo. Tropa, gulu la asilikali a Apwitikizi, inawatenga ine ndili m'mimba. Anawakweza pa kamiyau, lole yaikulu, ku Moatize limodzi ndi anyamata ena a kwathu ku Zóbuè, kuti akamenyere azungu nkhondo yolimbana ndi abale awo omwe. Sanafunsidwe ngati akufuna. Azungu atapakira n'kubwerera kwawo, anyamata aja anayamba kutulukira mmodzimmodzi, wina wopanda mwendo, wina wosalankhula. Bambo sanatulukire. Palibe anabwera kudzanena kuti afa, palibenso anabwera kudzanena kuti ali moyo.

Kwathu mkazi akafedwa, abale a mwamuna ndiwo amamumasula. Amamumeta tsitsi, amafulula mowa, kenako amamuuza pamaso pa anthu kuti ukwati watha, akhoza kukwatiwanso. Kumeneko ndiye kusudzula. Popanda zimenezo umakhalabe mkazi wa munthu, ngakhale munthuyo atasanduka mphepo. Amayi anga anakhala chotero kuyambira ndisanabadwe mpaka ine nditakula: wamasiye ayi, wapabanja ayi.

Woyenera kuwameta anali azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene ankagulitsa tomato pafupi ndi njanji ku Moatize. Akuluakulu ena onse a kuchimuna anatha ndi nkhondo yachiwiri ija, yathu tokhatokha. Azakhali anali ndi nkhani ziwiri, ndipo ankazisintha ngati akapulana, nsalu zathu zovala zija. Tsiku lina ankati achimwene awo ali moyo ku Lisboa, anapita ndi azungu, akudya bwino. Tsiku lina ankati ngati anafa, ndiye kuti anawanyamula m'bokosi kupita nawo komweko, poti msilikali wina anaona ndi maso ake mabokosi akukwezedwa m'ndege ku Tete. Nkhani zonse ziwiri zinkathera ku Lisboa, kumene ankadziwa kuti palibe aliyense wa ife angafikeko.

"Alamu, maliro ake anawaona ndani?" ankatero amayi akangoyamba nkhaniyo. "Manda ake ali kuti? Ndimete mkazi wa munthu wamoyo ine? Mukufuna anthu anene kuti ndamupha ndine?"

Amayi ankangoweramitsa mutu n'kukonza duku lawo.

Panali munthu amene ankadikira. Anali mmisiri wa matabwa, wofedwa mkazi, amene tinadziwana naye ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Mtendere utabwera tinabwerera limodzi ku Zóbuè, ndipo ndi iyeyo anatipangira chitseko cha nyumba yathu yatsopano. Chitseko anapanga yekha, koma sankaloledwa kudutsapo. Lamulungu lililonse Misa ikatha ankabwera kudzakhala pakhonde, amayi ali chapatali, kukamba za mvula ndi za mbatata. Dzuwa likapendeka ankatsanzika. Ine ndinkapsa mtima kuwaona anthu awiri akuluakulu akukhala ngati ana oopa mkwapulo.

Za ine palibe zambiri. Shikola yathu inatenthedwa ndili kalasi yachitatu. Kumsasa anandikhazika m'kalasi pakati pa tiana tosapukuta mamina, ine mabere atayamba kale, ndiye ndinangoleka. Nditabwerera ndinapeza ntchito yochapa ku misau, mishoni ya Akatolika. Chipwitikizi changa ndinachiphunzira pamenepo, pokalipiridwa ndi Airima, sisitere wachizungu wokalamba amene anakhala kwathu nkhondo zonse ziwiri. Airima atagwa n'kuthyoka m'chiuno, akuluakulu awo anati abwerere kwawo ku Lisboa. Panafunika munthu wowanyamula, wowasambitsa, wokankha mpando wawo wa magudumu mpaka atazolowera. Anasankha ine chifukwa cha msana wanga, osati nzeru.

Ndi Airima amene anauza amayi, powatsanzika, kuti m'mbali mwa mtsinje ku Lisboa anamanga chiliza chachikulu cha asilikali amene anafera ku nkhondo za kuno, akuda ndi azungu omwe. Anati pali moto wosazima, ndipo asilikali amalondera usana wonse. Iwo ankati akuwatonthoza amayi. Koma kwathu palibe amamanga chiliza pamalo opanda mtembo, ndipo palibe amalondera malo opanda kanthu. Nkhani inatsika phiri kufika ku Moatize ine ndisanamange n'katundu womwe, ndipo azakhali anatiitanitsa.

"Mwamva tsopano?" anatero, atakhala pa mphasa pakati pa madengu awo. "Manda alipo. Si ndinkanena ine? Iwe mwana wa achimwene, pita ukatape dothi pamenepo. Ukalimange m'kansalu, ukawauze bambo ako kuti tiyeni kwathu, ndipo pochoka usakacheuke. Ukabwera nalo, ine ndimeta, mowa ndifulula."

"Nanga ndikakawapeza ali moyo, akudya bwino ndi mkazi wachizungu?" ndinafunsa.

"Pakamwa pako ndi pomwe panakulepheretsa shikola."

"Shikola anaotcha ndi anthu a mfuti, Azakhali, osati pakamwa panga."

Amayi ananditsina pantchafu. Tikutuluka anandipatsa kansalu koyera, kong'amba pa malaya okhawo a bambo amene anatsala. Sananene zambiri. Anangoti, "Mwananga, kadothi pang'ono chabe. Kodzaza chikhatho."

Za ndege ndi za nyumba zosanjikizana anthu andifunsa mpaka kutopa. Ine Lisboa ndinamuona kwambiri kudzera pa zenera la nyumba ya masisitere okalamba, ndili ndi beseni m'manja. Kunkazizira kuposa Zóbuè wa nyengo ya chisanu. Kansalu kaja ndinkakasunga pachifuwa, ndipo ndinawavutitsa Airima mpaka anaitana mwana wa mchimwene wawo, bambo wa galimoto ndi ndevu zometa bwino, kuti atitengere ku chiliza.

Bamboyo atamva kuti ndine mwana wa msilikali anasangalala. Anati ngati ndi choncho tiyambire ku museu wa zankhondo, nyumba yakale imene amasungiramo zida, chifukwa kupita ku chiliza usanaone kumeneko n'kusadziwa kanthu. Ndinati sindinabwere kudzaona mfuti. Anaseka, anati mtsikanayu ndi woseketsa, n'kukhotetsa galimoto.

Pabwalo la nyumbayo panali mizinga yamkuwa, mfuti zikuluzikulu zonga mathunthu a mitengo, zitandandalikidwa bwinobwino, iliyonse pampando wake. M'kati munali mozizira, monunkhira phula. Kudenga anajambulako zombo, mitambo, ndi akazi onenepa osavala. Ndinakankha mpando wa Airima chipinda ndi chipinda. Malupanga m'galasi. Zisoti m'galasi. Nsapato za msilikali wina amene anafa kalekale, zopukutidwa mpaka kuwala. Ana a shikola anali atakhala pansi akujambula mzinga m'mabuku awo, aphunzitsi awo akuwauza kuti ajambulenso magudumu.

Kenako tinafika m'chipinda cha zinthu za kwa ife. Mikondo, zishango, mauta, ng'oma yong'ambika chikopa. Panali nkhwangwa yaing'ono yonga imene amayi amadulira nkhuni, mpini wake utasalala ndi dzanja la munthu. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Mwini wake sanaipereke yekha nkhwangwayo, zimenezo ndinadziwa popanda wondiuza. Ndinaika chala pagalasi, ndipo mayi wina wolondera anandidzudzula ali patali, kuti tisagwire.

Chimene chinandiwawa si mikondo. Ndinkayang'ana denga losadontha lija, pansi popukutidwa, anthu olembedwa ntchito yochotsa fumbi pa mfuti. Chida chilichonse chinali ndi malo ake, ndipo ankadziwa kumene chinachokera. Palibe mfuti imene inasowa popanda wofunsa. Koma munthu amene anamunyamulitsa mfutiyo anamutaya osauza n'mkazi wake yemwe.

"Wakonda?" anandifunsa bambo wa galimoto tikutuluka.

"Mfuti zanu zimagona pabwino," ndinatero.

Anayang'ana Airima. Airima anayang'ana manja awo.

Chiliza chinali m'mbali mwa mtsinje waukulu kuposa Zambezi, pafupi ndi linga lakale. Miyala iwiri italiitali inatsamirana pamwamba ngati denga la nyumba yopanda makoma. Pansi pake panali dziwe la madzi, pakati pa dziwe moto ukuyaka, asilikali awiri ataima njo ngati anawakhomera. Ndinasiya Airima pamthunzi, ndinavula nsapato monga tichitira kumanda, ndinagwada n'kuomba m'manja kupereka moni kwa ogona. Mzungu wina wa kabudula anandijambula chithunzi.

Kenako ndinayamba kufunafuna dothi. Ndinazungulira dziwe lonse. Paliponse panali miyala yoyala, yolumikizana mwakuti ngakhale nyerere ikanavutika. Panalibe mitumbira, panalibe mtanda, panalibe n'pamene munthu angati apa ndi kumutu, apa ndi kumiyendo. Ndinatulutsa kasupuni kamene ndinabwereka kukhitchini, n'kuyamba kukanda pampata wa miyala iwiri. Zinatuluka ndi timchenga ndi zotsalira za ndudu.

"Mtsikana, wataya chiyani?"

Anali nkhalamba yachizungu ya kapusi wobiriwira kumutu, itakhala pa khoma lalifupi. Dzanja lake limodzi linali lopanda zala zina. Ndinati sindinataye kanthu, ndikufuna dothi. Anafunsa kwathu. Nditati Tete, anadzuka ngati wakumana ndi m'bale wake. Anandipatsa moni m'Chinyungwe chopindika, anatchula Moatize, anatchula Zóbuè, anati iye anali msilikali kumeneko ali mnyamata. Anayamba kukamba za kutentha, za mango, za mowa wozizira umene ankamwa pafupi ndi njanji.

Ndinamudula. "Bambo, akuda munawaika mbali iti?"

"Mbali iti ya chiyani?"

"Ya manda ano. Bambo anga anali mu tropa yanu. Ndatumidwa dothi la pamanda pawo."

Anakhalanso pa khoma paja. Kenako anati pano sipanaikidwe munthu ngakhale mmodzi. Pansi pa miyalayi pali mapaipi a madzi ndi a moto uja, basi. Ndi malo okumbukira chabe.

"Kukumbukira munthu amene palibe?"

"Eya."

"Nanga mabokosi amene ankakwezedwa m'ndege ku Tete?"

"Amenewo anali athu, azungu. Ndiponso si onse." Anawonjezera kuti, "Anu tinkawaika komweko. M'mbali mwa msewu, kapena kuseri kwa msasa. Tinkazika mtanda wa timitengo, ikakhalapo nthawi."

"Abale awo munkawauza?"

Anakweza mapewa. Anati anali ndi anzake akuda ambiri, anyamata olimba mtima, mmodzi anamunyamulapo pamsana atavulala. Anati amabwera pano kawirikawiri chifukwa cha iwo. Misozi inatsika, anatambasula dzanja lopanda zala lija kuti agwire langa.

Ndinabweza dzanja langa. "Misozi yanuyo ndikaimange m'kansalu? Amayi anga akaikwirire?"

Ine ndinavala nsapato zanga.

Airima anali atamva zonse. Chapatali panali kabwalo ka maluwa, ndipo analoza kumeneko ndi chibwano. "Mwana wanga, tapa apo. Dothi ndi dothi. Mulungu amvetsa, ndipo azakhali ako sadzadziwa."

Bambo wa galimoto anati nkhani yatha, anayamba kupita komweko ndi mpango wake wa m'thumba. Pa nthawi yomweyo galu wa mayi wina anali atakweza mwendo pa maluwawo.

"Siyani," ndinatero. "Ndikanyamule mikodzo ya galu n'kumaiuza kuti tiyeni kwathu, bambo? Amayi anga akaigwadire?"

"Ndimafuna kukuthandiza chabe," anatero Airima.

"Munawathandiza kale amayi ndi nkhani ya chiliza."

Tinabwerera ku nyumba ya masisitere. Ndinawasambitsa Airima madzulo amenewo monga masiku onse, ndipo sitinaitchulenso nkhaniyo mpaka tsiku limene ndinachoka.

Nditafika kwathu, ine ndi amayi tinakwera shapa, minibasi ya kwathu, kutsikira ku Moatize. Amayi sanandifunse kanthu m'njira. Ankaganiza kuti dothi lili pachifuwa panga, ndipo munthu wonyamula wakufa sumulankhulitsa. Ine ndinasowa poyambira. Tinapeza azakhali atayanika kale chimera cha mowa pa mphasa, ataitana anansi ndi azimayi anzawo a pamsika. Anthu anakhala mozungulira, mwakachetechete ngati pamaliro.

Ndinatulutsa kansalu kaja, ndinakafunyulula, ndinakayala pansi. Munalibe kanthu.

Ndinafotokoza zonse mmene zinalili. Ndinati kulibe manda, kuli miyala, madzi ndi mapaipi. Ndinati mabokosi aja anali a azungu. Ndinati akuda ankawakwirira konkuno, m'mbali mwa msewu, ndi mtanda wa timitengo umene chiswe chinadya ine ndisanayambe kuyenda.

Azakhali anawomba m'manja kamodzi. "Ndiye kuti ali moyo! Ngati kumanda kulibe, ali moyo achimwene. Si ndinkanena ine? Iwe unangopita kukaona nyumba zazitali, sunawafunefune." Anayamba kukokera chimera chawo pakati pa mphasa. "Alamu, pepani. Ine sindingamete."

Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiwatukwane, koma amayi anandigwira mkono. Amayi anga sanakwezepo mawu pamaso pa abale a mwamuna wawo, ndipo tsiku limenelo sanakwezenso.

"Mwananga, mzunguyo anati ankawaika kuti?"

"Konkuno ku Tete, Amayi. M'mbali mwa msewu."

"Msewu uti?"

"Sananene. Sakudziwa."

Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndayenda misewu imeneyi zaka zonsezi. Pothawa ndinadutsa, pobwerera ndinadutsa. Ndiye kuti ndinkawaponda." Anatembenukira kwa azakhali. "Alamu, munati mukufuna dothi limene agonamo. Agona m'dothi la Tete. Lino ndi la kuti?"

Anagwada pabwalo pomwepo, anatapa dothi lodzaza chikhatho, lakuda ndi fumbi la malasha, analithira m'kansalu n'kumanga mfundo. Analiyandikiza kukamwa. "Bambo a mwana, tiyeni kwathu." Kenako anamasula duku lawo, anatulutsa lumo limene anabwera nalo kuti apatse azakhali, n'kundipatsa ine.

"Meta."

"Malaulo!" anakuwa azakhali. "Mwana kumeta mayi ake? Munaziona kuti? Anthu inu, mukungoyang'ana?"

Anthu ankangoyang'anadi. Ine ndinali ndisanametepo munthu. Ndinagwira mutu wa amayi ndi dzanja limodzi, ndinakoka lumo pouma popanda n'madzi omwe, ndipo pa kukoka kwachiwiri ndinawacheka pamwamba pa khutu. Magazi anatsikira m'khosi. Amayi sanagwedezeke.

Azakhali anadzuka, anagubuduza dengu la tomato, anandilanda lumo.

"Bweretsa kuno! Ukusenda ngati chinangwa. Wina abweretse madzi ndi sopo, mwakhala ngati zitsa bwanji?"

Anameta akulira, akutukwana. Anatukwana ine, anatukwana azungu, anatukwana achimwene awo chifukwa chokwera kamiyau ija ngati kuti anachita kufuna. Dzanja lawo linali lodziwa ntchito, silinacheke paliponse. Atamaliza anaponya lumo pansi.

"Pitani, alamu. Kakwatiweni. Si zimene mwakhala mukufuna?"

Si mmene mawu osudzula amanenedwera. Koma ananena pamaso pa anthu, ndipo anthu anamva. Mayi wina wa pamsika anayambitsa nthungululu, n'kuileka pakati ataona nkhope ya azakhali.

Ine ndinkayang'ana pansi, pamene tsitsi linagwera. Amayi sankavula duku pamaso pa munthu, ngakhale pamaso panga, ndipo ndinali ndisanaganizepo kuti pansi pake pali zotani. Tsitsi lonse linali loyera. Pamene bambo ankakwera kamiyau, amayi anali aang'ono kuposa mmene ndinalili ine tsiku limenelo.

Pokwera kubwerera ku Zóbuè, amayi anafumbata kansalu kaja pamiyendo, maso kutsogolo, osacheuka monga mwa mwambo. Ine sindinanyamule wakufa, choncho ndinkaloledwa kuyang'ana. Ndinayang'ana chulu chilichonse, kamtunda kalikonse m'mbali mwa msewu, mpaka khosi linandipweteka.

Dothi lija tinalikwirira kumanda a kwathu, popanda chiliza. Mowa azakhali anafulula ndithu, ngakhale sanandilankhule mpaka mvula itagwa. Mmisiri wa matabwa uja anadutsa pa chitseko chake. Tsiku loyamba anawerama polowa, ngakhale chitsekocho n'chachitali kumuposa, ndipo amayi anaseka. Ine ndinatuluka kupita kukachapa. Sindinafune kuti aone kuti sindikutha kuseka nawo.